Mmene mungakulitsire geni yanu pa WhatsApp ndi Facebook pokumana ndi anthu maso ndi maso kuno ku Mchinji

Pali kanthu kamodzi ka pa WhatsApp komwe ambirife opanga geni kuno ku Mchinji sitimakalabadira, nde ndiyambire pomwepo. Status yanu amaiona ndi munthu yekhayo amene inu munaseva nambala yake, iyenso anaseva yanu, mbali zonse ziwiri. Olo mukhale ndi manambala 800 mufoni omwe munatola mugulupu ya kutchalitchi, ngati eni akewo sanaseve yanu ndiye kuti chiponde mukupositacho mukuchiona nokha ndi alamu anu basi. Broadcast, uthenga umodzi wotumiza kwa anthu ambiri nthawi imodzi uja, nayonso ndi chimodzimodzi, uthenga umafika kwa okhawo amene anakusevani. Tsono munthu amaseva nambala ya ndani? Ya munthu amene wamuona nkhope, wacheza naye, mwina mpaka walawako katundu wake. Komanso mmene zachulukira mbava za pafonimu, zija zongotumiza uthenga kuti "ndalama ija mutumize pa nambala iyi", palibe amene angakuponyereni K40,000 pa Airtel Money kapena Mpamba asakukudziwani, kapena asakudziwa wina amene akukudziwani. Nde ngati mukufuna anthu azikuonani pa intaneti muyende, mukumane nawo, musevane.

Zomwe ndilembe apa zigwira kwa aliyense, kaya mumagulitsa mtedza wosenda, soya, zitenje zopikula ku Chipata, mumaphika makeke, mumawotcherera mageti kapena muli ndi saluni.

Choyamba, konzani kaye mufonimo

Mlendo saitanidwa pakhomo posasesa, nde musanayambe kuuza anthu kuti "mundipeze pa WhatsApp" onetsetsani kuti akabwera apezako kanthu. Ikani WhatsApp Business, ndi yaulere pa Play Store. Nambala imodzi siingakhale pa WhatsApp wamba ndi pa Business nthawi imodzi, nde musankhe, kusamutsira nambala yomwe muli nayoyo pa Business mutapanga kaye backup kuti macheza akale asasowe, kapena kugula SIM ina ya geni yokha poti ma app awiriwo amakhala mufoni imodzi bwinobwino. Kwa ine bola kusamutsa yakaleyo, chifukwa imeneyo ndi imene ili kale m'mafoni a anthu.

Dzina mulembe lonena zinthu zitatu, inuyo, zomwe mumagulitsa ndi komwe muli, monga "Mayi Uje Chiponde Kamwendo". Chithunzi cha pa profile chikhale nkhope yanu mutanyamula katundu wanu kapena mutaima pashopu. Maluwa, vesi, kamwana kanu, logo ya Bullets, zisiyeni kaye zimenezo, munthu amene mwacheza naye masana akafika kwawo akufuna aone nkhope nkunena kuti eya ndi omwe aja. Mu catalog, malo oonetsera malonda a mu WhatsApp Business, ikanimo katundu ndi mitengo yake. Zoti "mtengo ku inbox" ine sindigwirizana nazo, anthu amangoganiza kuti mukufuna muwaone kaye mmene avalira kenako muwatchaje. Mitengo ikusintha pafupipafupi inde, nde muziikonza ikasintha, osaibisa. Zithunzi jambulani panja m'mawa mutapukuta kamera ndi kansalu.

Musadumphe two-step verification, ili mu Settings pa Account, mumaika PIN ya manambala 6. Nambala yanu ikayamba kuyenda m'manja ambiri tsiku lina wina adzakuimbirani kuti "ndakutumizirani code molakwitsa, tandiwerengereni". Mukawerenga musanaike PIN ija, WhatsApp yanu yapita pamodzi ndi makasitomala onse, ndipo ayamba kupempha ndalama m'dzina lanu.

Pa Facebook tsegulani peji ya geni, dzina lofanana ndi la pa WhatsApp, muikepo batani la WhatsApp ndi mapositi angapo kuti isaoneke ngati yatsegulidwa dzulo. Akaunti yanu ya masiku onse imathera pa anzanu 5,000 komanso muli mikangano ya ndale mmenemo. Ngati shopu yanu ili pafupi ndi msewu wa M12 ilembetseninso pa Google Maps, ndi zaulere, odutsa opita ku Chipata amasaka pamenepo.

Chachiwiri, mukakumane nawo kuti

Apa ambiri amaganiza za misonkhano ya masuti ku Lilongwe kapena Trade Fair ya bungwe la amalonda la MCCCI ku Chichiri ku Blantyre. Nzabwino ngati thumba likulola, koma transport yokha ya ku Blantyre idya mpamba wa mwezi, pomwe anthu okugulani sabata ndi sabata ali konkuno. Yambani ndi malo omwe mumapita kale. Banki mkhonde, msonkhano wa kopaletivi kapena kalabu ya alimi, tsiku la msika pa Kamwendo, Kapiri, Mkanda, Waliranji, ma field day omwe alangizi ndi makampani a mbewu amachititsa paminda yachitsanzo mbewu zikakhwima chakuma Febuluwale mpaka Epulo, chionetsero cha zaulimi chikachitika pa boma, zinkhoswe, ma bridal shower, komiti ya sukulu, bwalo la mpira Lamulungu masana.

Koma si aliyense wofanana ndi mnzake pankhani iyi. Pali anthu ena amene tsiku limodzi amayankhula ndi anthu ochuluka kuposa omwe inu mumaonana nawo pa mwezi. Agent wa Airtel Money wapamsika, mayi wa saluni, wakabaza wapa siteji, agro dealer, alangizi, MC wa maukwati, kondakitala wa minibasi ya Lilongwe, mlembi wa gulu amene nthawi zambiri ndi iyenso admin wa gulupu. Amenewa tsiku lililonse amafunsidwa kuti "kodi kuno ndingapeze kuti wophika keke?" ndipo amayankha ndi nambala yomwe ili mufoni mwawo. Mukapita pamalo, m'mutu mukhale muli anthu awiri atatu otere omwe mukufuna mucheze nawo bwinobwino, zoti mugwire chanza aliyense pabwalo zilibe phindu.

Pamaliro ayi. Anthu amachuluka inde, koma amene wagawa timapepala ta geni pasiwa mbiri yake imafika kumsika iye asanafike kunyumba. Pitani mukagwire ntchito ya pamaliro, anthu akuonani, zinazo mudzakamba tsiku lina.

Chachitatu, zonyamula

Foni yodzaza moto, ndi magetsi athuwa tchajani usiku kapena tengani power bank. Bandulo ikhalemo. Katundu pang'ono woti anthu aone kapena alawe, timabotolo ting'onoting'ono ta chiponde, tizidutswa ta keke, ngati ndinu owotcherera kapena a telala ikani zithunzi za ntchito zanu zabwino mu folder imodzi kuti musamasakesake pakati pa zithunzi za ukwati wa msuweni wanu munthu ataima akudikira. Sitika kapena kapepala kokhala ndi dzina, nambala ndi malo, kosindikiza pa stationery iliyonse pa boma, ndipo katundu aliyense wochoka m'manja mwanu azikhala ndi nambala. WhatsApp Business ili ndi QR code yake, kachizindikiro koti munthu akalozetsapo kamera ya foni afike mu inbox yanu, mutha kuisindikiza nkumata pashopu, achinyamata amaikonda koma akuluakulu ambiri sazitsata nde musaidalire yokha.

Chachinayi, kachezedwe

Moni kaye, wathunthu, kufunsana za kunyumba ndi za kumunda. Kenako funsani za geni yawo musananene yanu. Wogulitsa mbewu mufunseni kuti chaka chino anthu akufuna mtedza wanji, CG7 akadaufunabe kapena asamukira ku mitundu ina, wa golosale mufunseni katundu amene akumuvuta kupeza. Mukamvetsera mupeza pokolowekapo nkhani yanu popanda kukakamiza, ndipo nthawi zambiri iwo eni ndi amene amafunsa kuti nanga inu mumapanga chani.

Yankho lanu likhale lalifupi loti munthu atha kukalibwereza kwa wina. "Ndimapanga chiponde pa Kamwendo, cha mtedza wokhawokha, Lachisanu lililonse ndimatumiza ku Lilongwe." Basi. Zoti "ndimapanga tizinthu tosiyanasiyana" palibe angakazikumbuke. Olo muli ndi mageni anayi tchulani imodzi yogwirizana ndi munthu amene mwaima nayeyo, zinazo akaziona pa status.

Chachisanu, kusevana pompo

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse ndipo ambiri amaphonya pomwepa. Mwacheza bwino, alawa, ayamikira, kenako inu mwawapatsa kapepala iwo nkunena kuti "ndikuimbirani". Kapepalako kakathera mthumba la malaya nkuchapidwa Loweruka. Musasiyane musanasevane, foni zonse ziwiri zili m'manja.

Mmene mungachitire ndi motere. Mukaona kuti macheza akupita kumapeto nenani kuti, "Mayi, tandipatseni nambala yanu ya pa WhatsApp ndikutumizireni mitengo pompano." Akamatchula lembani, muwawerengerenso, kenako atumizireni uthenga nthawi yomweyo muli pomwepo, kapena afulasheni. Foni yawo ikalira nenani, "Imeneyo ndi yanga, taisevani kuti Chiponde Kamwendo kuti mukadzafuna musadzavutike." Dikirani aseve. Ngati ndi achikulire ndipo akuvutika ndi tizilembo, pemphani mwaulemu, "Bambo, ndikuthandizeni kulemba?" ambiri amakupatsirani foni okha. Zimaoneka ngati kukakamira koma sizitenga ndi mphindi imodzi yomwe, ndipo kuyambira tsiku limenelo munthuyo aziona status yanu iliyonse popanda inu kulipira kanthu.

Funsani kuti nambala ya pa WhatsApp ndi iti, poti ambirife tili ndi ma SIM awiri, ya Airtel ndi ya TNM, ndipo yomwe munthu amatchula msanga mwina ndi yoimbira chabe. Amene ali ndi kafoni ka mabatani musamunyoze, sevani nambala yake, mlimi wa matumba 60 a soya amatha kukhala ndi kafoni komanga ndi labala, ndipo kunyumba kwake kuli mwana kapena mdzukulu amene ali pa WhatsApp, pemphaninso ya ameneyo.

Inunso posevapo musangolemba "Mayi a mtedza", pakatha miyezi itatu mudzakhala ndi amayi a mtedza 9. Lembani dzina, ntchito ndi komwe munakumana, "Bambo Uje agro dealer Kapiri field day". Mu WhatsApp Business muli ma label, tizizindikiro tosiyanitsira anthu m'magulu, pangani ochepa, ogula, opikulitsa, onditumizira anthu, a transport. Tsiku lomwe mtedza watsopano wafika mudzadziwa oyamba kuwauza.

Za peji ya Facebook musazikakamize pamalo pomwepo, netiweki ya kumidzi mukuidziwa, munthu azingozungulira ndi foni m'mwamba. Link mudzatumiza madzulo.

Chachisanu ndi chimodzi, uthenga wa tsiku lomwelo

Lisanathe tsiku, kapena mawa lake m'mawa, tumizani uthenga woti munthu adziwe kuti mwalembera iyeyo. "Mwaswera bwanji mayi, ndine uja wa chiponde tinakhala limodzi ku field day. Munati mwana akudwala, akupeza bwanji? Mitengo ija ndi iyi, peji yathu ya pa Facebook ndi iyi mukapeza mpata mutilayikireko." Kutchula kanthu komwe munakambirana ndi komwe kumasiyanitsa uthenga wanu ndi mauthenga a forward omwe anthu amangodutsa. Amene mwaona kuti kuwerenga kumawavuta atumizireni voice note yaifupi, osati ya mphindi 6.

Nthawi yotumizira muisamale. Uthenga wa 10 koloko usiku kwa mkazi wa mwini kapena mwamuna wa mwini, olo ukhale wa mitengo ya soya, umayambitsa milandu m'nyumba za anthu ndipo mawa mupeza mwablokedwa. Lembani masana, mawu ake oti olo apabanja awo awerenge asapezepo chokayikitsa, timitima ndi "dear" zisiyeni. Azimayi a geni nanunso mudzakumana ndi ena otenga nambala ngati ofuna katundu kenako ayamba "wadya chani", ayankheni za katundu zokha, akapitiriza blokani, ameneyo sanali wogula.

Akapanda kuyankha musawathire mauthenga tsiku ndi tsiku. Anakusevani kale, status igwira ntchito yake.

Chachisanu ndi chiwiri, zoika pa status ndi papeji

Status imakhala maola 24 nde pazikhala kanthu pafupifupi tsiku lililonse, koma ziwiri zitatu zakwana, mukaika 25 timizere tija timachita kuoneka ngati mikanda ndipo anthu amakuikani pa mute. Sakanizani, lero katundu ndi mtengo, mawa kavidiyo mukukazinga mtedza kapena mukupakira katundu mu minibasi, tsiku lina kasitomala akulandira. Anthu amakhulupirira kwambiri akaona ntchito ikuchitika kusiyana ndi chithunzi chokongola chotola pa intaneti.

Mukakhala pa chochitika jambulani ndi anthu amene mwakumana nawo, koma pemphani kaye, "tijambulitse ndikaike papeji, palibe vuto?" Ena safuna, ena anatsanzika kunyumba kuti akupita kwina kkkk. Akalola, positani pa Facebook muwatage iwo kapena peji yawo, mulembe zabwino za geni yawo, osangoti za inu. Mukatero anzawo a munthuyo amatha kuiona positi, iyenso nthawi zambiri amaisheya chifukwa mwamutamanda, nde mwafika kwa anthu amene simukanawapeza nokha. Ana a eni musawaike popanda makolo kuvomera.

Kasitomala akakulemberani kuti katundu anali bwino, mupempheni kuti muike screenshot pa status, mufufute nambala yake isaoneke. Amene ali pa Facebook apempheni akalembe ndemanga papeji. Mawu a mayi wodziwika wa mu Chigwirizano kapena aphunzitsi a pasukulu yapafupi amalemera kuposa malayiki 200 a anthu a ku Nigeria omwe simudzawagulitsa kanthu, nchifukwa chake zogula mafolowazi ndimati nkutaya ndalama.

Za magulupu

Mukadziwana ndi admin pamaso, kulowa mugulupu ya amalonda, ya kopaletivi kapena ya mpingo sikuvuta. Mukalowa khalani kaye masiku angapo mukuona mmene amachitira, funsani admin ngati malonda amaloledwa ndi tsiku lake. Muziyankhako mafunso a ena olo asakukhudza geni yanu, wina akafunsa mtengo wa soya pa Mkanda lero ndipo inu mukuudziwa, nenani. Dzina lanu likamaoneka pa zinthu zothandiza, tsiku loika malonda anthu sakwiya.

Chomwe chimanyansa anthu ndi kuwalowetsa mugulupu yanu ya malonda osawafunsa. Munthu wangokupatsani nambala masana, madzulo wapezeka mu "Uje Investments Customers" ndi anthu 300 osawadziwa, nambala yake ili poyera, bandulo ikutha ndi zithunzi. Amatuluka ndipo amakukwiyirani. Bola broadcast list, imatenga anthu 256, aliyense amalandira payekha ngati mwalembera iye yekha, ndipo poti munasevana pamaso paja uthenga ufika. Kamodzi pa sabata nkokwanira.

Kubwezerana

Pezani anzanu atatu anayi a geni zosapikisana ndi yanu koma makasitomala ake ofanana. Wophika keke, wokongoletsa, wojambula ndi telala onse amadya paukwati umodzi. Wa chiponde, wa buledi ndi wa golosale chimodzimodzi. Gwirizanani pamaso kuti sabata iliyonse aliyense aziika katundu wa mnzake pa status ndi nambala yake. Aliyense ali ndi anthu ake omwe anamuseva, nde mukaphatikiza mwafika patali popanda kulipira boost ya Facebook, yoti positi ifike kwa anthu ambiri ija, yomwe imafunanso khadi la kubanki.

Koma muike munthu amene katundu wake mwamuona ndi maso. Mukaika wakuba, anthu adzabwera kwa inu kuti "si inu munatiuza?" Ndipo wina akakutumizirani kasitomala muimbireni kumuthokoza, tsiku lina mumpatseko kabotolo kapena timayunitsi. Wakabaza amene mwamugulira Fanta chifukwa chokubweretserani munthu, mawa abweretsa wina.

A ku Chipata ndi a ku Lilongwe

Ife mwayi wathu ndi boda ya Mwami, anthu a ku Chipata timamvana chiyankhulo ndipo amalonda amawoloka tsiku ndi tsiku. Nambala ya ku Zambia isevani ndi +260 kutsogolo mutachotsa 0 woyamba, apo ayi siioneka pa WhatsApp, inunso powapatsa yanu yambani ndi +265. Ngati mukufuna link yoti munthu akangodina afike mu inbox yanu, lembani wa.me/265 kenako nambala yanu yopanda 0, imeneyo ikani papeji ndi pasitika. Pokamba mitengo ndi a ku Zambia nenani kuti kwacha yake ndi iti, poti onse timati kwacha koma mphamvu zake nzosiyana kutalitali.

Ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 110 basi, ndipo kuli anthu ambiri akwathu konkuno amene amafuna mtedza, ufa ndi nyemba zakumudzi. Amenewa mumawapeza akabwera ku zinkhoswe ndi maukwati kapena pa holide ya Khirisimasi, sevanani nawo, mmodzi akakagawira anzake a kuofesi maoda amayamba kubwera kuchokera kwa anthu omwe simunawaonepo. Apa mpamene kondakitala kapena dalaivala uja munadziwana naye amafunikira. Katundu akakwera jambulani thumba ndi nambala ya galimoto, tumizani kwa wogula pamodzi ndi foni ya dalaivala. Nambala yolandirira ndalama ikhale yolembetsedwa m'dzina lomwe anthu akulidziwa, chifukwa potumiza pa Airtel Money kapena Mpamba dzina likatuluka lachilendo munthu amabwerera m'mbuyo. Ngati ndi ya akunyumba kwanu neneranitu.

Chomaliza, muzilemba

Gulani kope kapena tengani lomwe mwana wasiya. Munthu watsopano aliyense akakulemberani mufunseni, "mwandidziwa kudzera kwa ndani?" nkulemba dzina, tsiku ndi yankho lakelo. Muzionanso pansi pa status kuti aona ndi angati, mukapita ku chochitika nkusevana ndi anthu 10 nambala imeneyo imayenera kukwera sabata yomweyo, ikapanda kukwera ndiye kuti anthuwo sanakuseveni, mukakumananso muyambirenso pa sitepe yachisanu ija. Pakatha miyezi iwiri itatu tsegulani kopelo muwerenge. Mupeza kuti mwina maoda ambiri akuchokera kwa mayi mmodzi wa saluni ndi ku banki mkhonde, pomwe ma workshop a ku lodge omwe mumawavalira bwino aja sanabweretse olo munthu mmodzi. Transport ya mwezi wotsatira muiponye komwe kopelo likuloza, ndipo mayi wa saluniyo mukamuone musanapite kwina kulikonse.